Kaundula wa Nkhomaliro

Sukulu yanga inathera Sitandade 6, zotsalazo ndinaphunzira m'mabini a pa loji. Ndagwira ntchito yochapa ndi kusita pa loji ina ku Senga Bay kwa zaka zambiri ndithu, ndipo amene amaidziwa Salima akudziwa kuti anthu a ku Lilongwe kuno amabwerera wekishopu. Nyanja amangoijambula. Amafika Lolemba ndi zikwama zamateyala, Lachisanu n'kunyamuka atasiya mapepala m'zipinda, ena pansi pa bedi, ena ali ndi chizindikiro cha kapu ya tiyi pakati. Amayi okonza m'zipinda ankadziwa nthenda yanga, ndiye pobweretsa nsalu zakuda ankabweretsanso mapepalawo. Ndawerenga za kubzala mitengo, za zimbudzi zamakono, za kuweta mbuzi, za utsogoleri wabwino. Pofika imvi ndinali katswiri wa zinthu zimene sizinachitikepo. Mkazi wanga amanditchula kuti pulofesa wa simbi, ndipo ine mwa kupusa kwanga ndinkayankha.

Mnzanga amene ndikufuna kunena pano anali wa ku Burundi. M'dera lathu, kuseri kwa msika wa nsomba, aliyense ankangoti makanika. Ankakonza injini za maboti, ndipo ankayamba n'kuimvetsera injiniyo ali chiimire, mutu utapendekeka, asanagwire sipanala. Analowa m'dziko muno kalekale ndi mkazi wake ndi kamwana kakakazi kali kumsana, boma n'kuwaika kukampu ya othawa kwawo, kumtunda kozizira kuja. Anapempha kuti amulandire ngati wothawa kwawo, anamupatsa kapepala koti adikire yankho. Anadikira zaka zingapo, kapepala kanatha m'mapindiro, yankho osabwera. Kenako tsiku lina anangotenga banja lake n'kutsikira kunyanja.

Lamulo limati munthu wotere azikhala kukampu. Izi tonse tinkazidziwa, ndipo tonse tinkadziwanso kumene makanika ankagona. Chimene chinkamusunga n'chakuti dzina lake silinali pa pepala lililonse la ku Salima kuno. Nyumba anabwereka pakamwa. Mwana kusukulu analembetsedwa ngati wa m'nyumba ya mkulu wina wachisilamu, mwini maboti awiri, amene makanika ankamugwirira ntchito kwambiri. M'masiku amenewo malole anali atayamba kale kutola anthu otere m'matauni n'kuwabwezera kukampu, ndiye makanika ankadziwa kuti tsiku limene dzina lake ndi mudzi wake zidzakhale pa pepala limodzi, galimoto idzabwera.

Ndiye panabwera wekishopu ya masiku asanu yokonzanso malo ogona a anthu ngati iyeyo. Chinsalu cholembedwa mutu wake chinali chachitali moti anachimanga pa mitengo iwiri ya migwalangwa. Anthu ake anali omwe aja, nkhope zimene ndinaziona pa wekishopu ya mbuzi, koma tsopano atavala malaya a mtundu wina. Chachilendo chinali chimodzi: anamanga nyumba yachitsanzo pa kapinga, pafupi ndi dziwe losambira, kuti aliyense aone mmene wothawa kwawo azidzagonera zinthu zikakonzedwa. Inali ya matabwa opaka penti woyera, malata atsopano, kazenera kagalasi. Bedi anatulutsa m'chipinda cha alendo. Makatani ndinasita ndine, ndipo ndinawasita bwino. Wina anaika maluwa m'botolo. Masiku awiri oyamba ntchito yaikulu inali kujambulitsa pakhomo pake, wina akugwira chitseko ngati ndi yake, wina akuloza denga ndi nkhope yachisoni.

Lachiwiri madzulo mapepala anandipeza monga mwa nthawi zonse. Pa tsamba lina panalembedwa kuti anthu amene ali ndi luso la manja angaganiziridwe kuti azikhala kunja kwa kampu, ndiponso kuti mawu a eni nkhaniyi ayenera kumveka. Ine amene ndinali nditawerenga malonjezo okwana kudzaza bwato, ndinakhulupirira. Mukandifunsa chifukwa, ndinena zoona: pepalalo linali lonyezimira, ndipo pansi pake panali chidindo. Pepala la mbuzi linalibe chidindo.

Lachitatu m'mawa makanika anabwera kudzaona injini ya boti la loji, lija limayendetsa alendo. Atamaliza ndinamukokera pa kapinga, anthu onse ali m'holo.

"Achimwene, nyumba yanu iyo. Boma lakumangirani. Makatani ndasita ndine, musawagwire ndi manja amenewo."

Anaizungulira kamodzi, n'kugogoda khoma ndi chala.

"Yokongola. Mwini wake amaphikira kuti?"

"Sanafikepo pamenepo."

"Nanga akafuna kudzithandiza?"

"Pakadali pano amapita ku loji."

Anaseka mpaka kutsamira khomalo, khoma n'kugwedera, tonse n'kuligwira.

"Akuti muzikhala anthu angati muno?" anafunsa.

"Pepala likuti banja limodzi."

"Ife kukampu, m'nyumba yaing'ono kuposa iyi, tinali mabanja atatu. Pakati tinkapachika matumba a chimanga osokedwa. Munthu ukatsokomola, mabanja atatu ankatembenuka. Koma zimenezo timazolowera, akulu. Chimene sumazolowera ndi mjigo. Mkazi wanga ankaika chigubu pamzere dzuwa lisanatuluke, madzi n'kubwera nawo ana atabwerako kusukulu. Awa akanamanga mjigo wachitsanzo, n'kuimapo okha pamzere mpaka Lachisanu."

Pamenepo pulofesa anadzuka mwa ine. Ndinamuuza kuti zimene wanenazo ndi zimene anthu a m'holomo akufuna kumva, ndipo ndinatulutsa tsamba lonyezimira lija m'thumba n'kumuwerengera, ndikutsindika ndi chala pa mawu oti luso la manja. Anati ayi. Ndinati salowa ndi dzina, angolankhula n'kutuluka. Anati aganiza.

Masana a tsiku lomwelo ndinakumana ndi mwini maboti uja pagombe, akuyang'anira anthu ake akusoka ukonde wa chilimila. Nyengo yotsegulira usodzi pa chilumba cha Mbenji inali pafupi, ndipo injini zake zonse ziwiri zinali m'manja mwa makanika. Nkhani inali itamufika kale.

"Akulu a ku loji, ndamva mukufuna kumupititsa munthu wanga kwa mabwana."

"Kukalankhula basi, bambo. Zinthu zikusintha. Ndawerenga ndekha."

"Wallahi, inu mumawerenga kwambiri. Ine sindiwerenga, koma ndakalamba ndikuona anthu amenewa akubwera ndi kupita. Chaka chatha anatiitana ife asodzi, tinalankhula, anatiwombera m'manja, anatipatsa zipewa. Chipewacho ndi ichi. Musiyeni munthu akhale mmene akukhalira."

Ndinamuyankha mwaulemu, mumtima ndikumumvera chisoni kuti ndi munthu wosaphunzira. Ine, wa Sitandade 6.

Ndinapita kwa mmodzi wa oyendetsa wekishopu, bambo wachinyamata wa magalasi, ndi kumuuza kuti ndikudziwa munthu amene anakhalako kukampu. Anasangalala ngati ndamutolera foni yotayika. Zinapezeka kuti pa ndondomeko yawo panali nthawi yoti eni nkhani alankhule Lachinayi, koma galimoto yoti ikatenge anthu awiri kukampu inali italonjezedwa kale kwa mabwana ofuna kukaona mbidzi kumalo osungira nyama a ku Kuti. Ndiye makanika anali yankho la pemphero lawo. Ndinanena kuti munthuyu safuna kutchulidwa dzina. Wamagalasi anagwira pachifuwa n'kunena kuti zimenezo ndi zimene iwo amazilemekeza kwambiri.

Lachinayi makanika anabwera atavala malaya anga oyera, amene ndinawasita ngati a mkwati. Ine ndinaima kumbuyo kwa holo, pafupi ndi tebulo la madzi, ndikunamizira kupinda nsalu. Analankhula bwino, Chichewa chake cha pagombe chosakanikirana ndi Chiswahili. Ananena za matumba aja, za chimbudzi chimodzi cha mzere wonse wa nyumba, za nkhuni zimene akazi ankapita kukatola kutali n'kumathamangitsidwa ndi eni minda. Ananena za kapepala kodikira, kuti mwana amene anabwera naye kumsana tsopano amawerenga yekha kapepalako. Theka la holo linali pa foni. Mayi wina kutsogolo ankagwedeza mutu mwachifundo kwambiri, koma nditayang'anitsitsa ndinaona kachingwe ka m'khutu. Makanika asanamalize, wapampando anayang'ana wotchi n'kunena kuti nkhomaliro yakonzeka, ndipo tonse timuthokoze mlendo wathu ndi m'manja mwapadera. Anawomba katatu, kupuma, katatu, kupuma, kenako onse pamodzi n'kumuponyera manja ngati akumuwaza madzi. Atatuluka anamuimika pakhomo pa nyumba yachitsanzo n'kumujambula, wina akumuuza kuti amwetulire pang'ono.

Mpaka pamenepo zonse zinali monga tinapangana. Dzina silinatchulidwe. Akanangotuluka pageti, lero bwenzi ndilibe cholemba.

Koma wekishopu ili ndi mwambo wake umodzi umene sulumphidwa. Mungachedwe, mungagone m'holo, mungathawe tsiku lonse kukagula nsomba, palibe amene angakufunseni. Koma mbale simugwira musanasaine kaundula. Pakhomo pa chipinda chodyera pamakhala mayi ndi katebulo, ndi pepala la mizere: dzina, kumene mukukhala, nambala ya foni, saini. Mbale iliyonse iyenera kukhala ndi dzina lake. Mayi wa tsiku limenelo anali wa khama kuposa holo yonse.

Makanika ataona pepalalo anabwerera m'mbuyo.

"Ine ndikadyera kunyumba, akulu."

Apa ndi pamene ndimachita manyazi. Ndinali nditamuitana ndine. Ndinali nditanong'oneza kale wophika kuti amusungire chambo chachikulu. Kwathu munthu amene wamuitana sachoka ndi njala fungo la chakudya likumveka, ndipo ndinaganiza za anzanga a kukhitchini, mmene akanandisekera kuti pulofesa waitana mlendo n'kumuthamangitsa pa mbale. Ndiye ndinamugwira mkono.

"Achimwene, makaundula amenewa ine ndimawadziwa kuposa aliyense. Ndimawapeza m'bini Lachisanu lililonse. Ena ndinakutira nawo mabuku a ana anga. Palibe munthu amawawerenga, ndi ine ndekha."

"Mukutsimikiza?"

"Zaka zonsezi ndakhala ndikuwerenga chiyani?"

Ndinkanena zoona mmene ndinkazidziwira. Chimene sindinkadziwa n'chakuti amene ndinkawapeza m'bini anali olakwika, ofufutidwa, odonthera supu. Kaundula wabwino sagona pa loji. Amakwera galimoto n'kupita ku ofesi, ndipo pa mapepala onse a wekishopu, ndi yekhayo amene amasungidwa mosamala, chifukwa ndiye umboni woti anthu anadya.

Makanika anawerama n'kulemba. Anali ndi kalembedwe kokongola, kopendekeka, ka sukulu za kwawo. Pa malo a mudzi anangolemba kuti Senga Bay. Mayi uja anatembenuza pepala n'kuliyang'ana.

"Bambo, Senga Bay ndi yaikulu. A ku ofesi amabweza zosamveka. Lembani penipeni."

Makanika anandiyang'ana. Ine ndinagwedeza mutu ngati munthu wodziwa. Analemba kuti kuseri kwa msika wa nsomba, n'kuwonjezera nambala ya foni. Anadya chambo chija atakhala pakona, mwachangu, ndipo palibe mmodzi wa anthu amene anamuwaza m'manja anakhala naye tebulo limodzi.

Lachisanu nyumba yachitsanzo inaphwasulidwa wekishopu isanatseke n'komwe, chifukwa Loweruka pa kapinga pomwepo panali ukwati. Bedi linabwerera m'chipinda chake. Makatani anabwerera kwa ine.

Panapita milungu ingapo. Ndinayamba kuyenda monyada pagombe, ndipo kamodzi ndinafunsa mwini maboti ngati waona galimoto iliyonse. Anangopitiriza ulendo wake.

Galimotoyo inabwera m'mawa wina ine ndili kuntchito. Mkazi wanga ndiye anaona zonse, ndipo anabwera yekha ku loji kudzandiuza, zimene sanachitepo. Anati anali amuna atatu, aulemu, sanamenye munthu, sanakweze mawu. Mmodzi anali ndi pepala la mizere lojambulidwa pa makina, mzere umodzi utapakidwa utoto wachikasu. Sanasochere ngakhale pang'ono. Anapatsa makanika ndi mkazi wake nthawi yomanga zimene akanatha kunyamula, anadikira kuti mwana atengedwe kusukulu. Mwini maboti anathamangira komweko, anachonderera, anati munthuyu ndi wake, amuimira. Anamuyankha kuti iwo angotumidwa, ndipo madandaulo ali ndi ofesi yake.

Mkazi wanga atamaliza anayang'ana mulu wa mapepala umene unali pa shelefu pamwamba pa simbi. Anangofunsa ngati ndidzadyere kunyumba.

Mwini maboti anakhala mwezi osandipatsa moni. Injini imodzi inatsala yomasula, ndipo boti lake limodzi silinapite ku Mbenji chaka chimenecho. Kenako tsiku lina anandiimitsa panjira, ali ndi thumba la mpunga wa ku Lifuwu ndi kathumba ka usipa wouma.

"Inu muli ndi tsiku lopuma. Mutenge izi mukampatse munthu wanga kukampu. Mukamuuze kuti ndikumupangira dua, ndikumupempherera." Anayenda pang'ono n'kutembenuka. "Ndipo musakamuwerengere kanthu."

Masiku angapo ndisananyamuke, anthu omwe aja anabweranso kudzaunika wekishopu yoyamba ija, ndipo lipoti lake linandipeza m'nsalu zakuda. Ndinalifufuza tsamba ndi tsamba. Za mjigo munalibe. Za kapepala kodikira munalibe. Za luso la manja zinali zitasamukira ku mndandanda wa zinthu zofunika kukambirananso. Koma pakati panali chithunzi chachikulu: makanika ali m'malaya anga, pakhomo pa nyumba ya pa kapinga, ndipo pansi pake analemba kuti mmodzi wa opindula akusangalala ndi nyumba yamakono.

Ndinakwera minibasi ziwiri. Munthu wa kunyanja ukafika kumtunda kuja, mphepo imakudziwa nthawi yomweyo. Pageti panali chikwangwani chatsopano, chopaka bwino, chonena za ntchito yokonzanso malo ogona. Ndipo nyumbazo zinalipodi, sindinganame. Mzere umodzi waufupi pafupi ndi msewu, zoyera, zofanana ndendende ndi ija ya pa kapinga, iliyonse ili ndi loko. Mlonda anandiuza kuti zikudikira bwana wamkulu adzadule riboni. Mbuzi ndizo zinali zitayamba kale kupindula, zitagona pamthunzi wake.

Kuseri kwa mzerewo ndi kumene kunali anthu. Nyumba za zidina zothinana moti podutsa umapendeketsa mapewa, madenga a malona ophwanyika otsindikizidwa ndi miyala ndi mateyala, madzi akuda akuyenda pakati pa njira. Ndinadutsa pa mjigo. Zigubu zachikasu zinali pamzere wokhotakhota mpaka kuseri kwa nyumba, ndipo pakati pake ndinamuona mkazi wa makanika atakhala pa chigubu chake, atafunda chitenje kumutu. Anandilonjera mwaulemu wonse, n'kundilozera njira. Sakanatha kundiperekeza, malo ake pamzere akanapita.

Amene anabwezedwa anawaika m'chishedi chachikulu cha malata. M'kati munali mogawidwagawidwa ndi matumba ndi zitenje, ndipo ndinayenda ndikumva mawailesi, ana, munthu wina akubuula, zonse pamodzi. Makanika ndinamupeza atakhala pa mphasa, atavala majuzi awiri. Mwana wake anali pambali akuwerenga buku la kusukulu yakale, chifukwa ku sukulu ya kukampu anati adikire malo. Chinthu choyamba chimene ndinaona ndi manja ake. Anali oyera mpaka m'zikhadabo. Sindinawaonepo otero.

Ndinatula katundu, ndinapereka uthenga wa dua. Kenako ndinayamba mawu amene ndinawakonza m'minibasi, aatali, okhala ndi chiyambi ndi pakati. Anandidula.

"Akulu, khalani pansi. Cholembera ndinagwira ndine."

"Koma ndine ndinakuuzani."

"Munandiuza. Ndipo chambo chinali chokoma, musadandaule." Anaseka, kuseka n'kusanduka chifuwa. Kuseri kwa thumba munthu wina anatembenuka n'kudandaula m'chinenero china. Makanika anatsitsa mawu. "Zimene ndinanena zija, analemba?"

Ndinaganiza zonama, koma luso limenelo ndi la anthu a m'holo.

"Chithunzi chanu chilipo."

"Ndinamwetulira?"

"Pang'ono."

Anagwedeza mutu. Anafunsa za injini yotsala ija, n'kundifotokozera pang'onopang'ono chimene chinavuta, kuti ndikamuuze mwini maboti asalole munthu wina kuimenya ndi hamala. Ndinalemba pa dzanja. Ndinanena kuti mwina zinthu zisintha, mwina yankho la kapepala kake libwera, mwina pofika nyengo ina ya Mbenji adzakhala atabwerera. Anandilola ndimalize. Kenako anapisa m'thumba la juzi lamkati n'kutulutsa kiyi womangidwa pa kachingwe ka ukonde.

"Tsiku lija ndinatseka nyumba n'kuiwala kumusiya. Ndakhala ndikumusunga, ndimati mwina. Mukampatse mwini nyumba. Mukamuuze kuti chitseko cha kuseri chimafuna kuchinyamula pang'ono potseka, wolowamo asachikankhe, chingathyoke."

Ndinafika ku Senga Bay dzuwa likadalipo, ndipo ndinapita kaye kwa mwini nyumba ndisanafike kwathu. Analandira kiyi, anamvetsera uthenga wa chitseko mpaka kumapeto. Kenako anati loko anasintha kale, ndipo muli anthu.